Limbi Sakukana Ulendo, Akuopa Tulo

Zelipa mwana wanga,

Ndiyambe ndi kukuchotsa zinyalala zimene anthu akhala akukuthira m'makutu masabata atatu apitawa. Limbi sanatsemphedwe. Limbi alibe chiwanda. Limbi sakukana ulendo wa ku Kabwe, pakuti mwana wa zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi iwiri sadziwa ngati Kabwe ndi tauni kapena ndi dzina la mbuzi. Azakhali ako aNabanda akuti mwana akamakuwa usiku atate ake ali kutali, ndiye kuti amake ayenda njira yokhota ndipo tsempho lagwira mwana. Azimayi a kutchalitchi kwako akuti abusa amuike manja. Apongozi ako akuimba foni kuti mizimu ya makolo siikufuna kuti mdzukulu achoke kuno. Mwa anthu onsewa palibe amene wagonapo m'nyumba muno ngakhale usiku umodzi. Ine ndagonamo, kapena ndinene kuti ndayesa kugonamo, khoma limodzi lokha likundilekanitsa ndi inu awiri. Eni ake a za tsempho amanena okha kuti mwana wotero amatupa miyendo, amatsokomola, amakana kudya. Wakoyu amatha mbatata ziwiri n'kuyang'ana yachitatu m'manja mwanga. Limbi anasiya kugona sabata imene unamuvula thewera. Nkhani yonse ndi imeneyo, ndipo amene ali ndi ina akauze nkhuku zake.

Ndikulemba chifukwa iwe ndi ine tikayamba kulankhulana, mawu achitatu amakhala mkangano. Wapita kukalukitsa tsitsi ndi kukatsanzika anzako, mwana wagona pakhonde, ndiye masana onse ndi anga. Kalatayi ndiika m'chikwama chako cha m'manja, ndipo pa envulopu ndalemba kuti uitsegule basi itadutsa Petauke, pamene kutsika n'kubwerera kwayamba kuvuta.

Lamulungu lija, ukutsuka mbale utandifulatira, unati, "Amai, ndipita kukayesa mwezi umodzi. Mwana akapitiriza chonchi ndilemba kalata kukoleji kuti andisungire malo, ndidzayambe chaka chamawa." Sindinayankhe, ndipo unayesa kuti ndavomera. Ndinali nditaluma lilime kuti ndisakuponyere mthiko. Wadikira zaka zitatu kuti akuitane kukoleji ya unamwino ku Kabwe, komwe kuli amuna ako. Sukulu ya ana aang'ono yoyandikana ndi kolejiyo inati silandira mwana wa thewera, iwe n'kuchita mantha, n'kufuna kuti mwana aphunzire m'masabata atatu zimene anzake amaphunzira m'miyezi. Tsopano sagona, nawenso sugona, ndipo mutu wosagona wayamba kukuuza za chaka chamawa. Chaka chamawa ndimachidziwa ine. Ndakhala ndikuchidikira zaka makumi awiri ndi chimodzi.

Umadziwa kuti ndinasiya yunivesite ndili m'chaka chachitatu. Kuno ku Pembamoyo aliyense amadziwa, n'chifukwa chake ndikamadutsa ndi khasu paphewa amanong'onezana kuti aDigiri akupita ku ofesi. Chimene sudziwa ndi chimene chinandibweza. Ndinakuuza kuti unadwala kwambiri. Sunadwale. Unali ndi zaka ziwiri ndi theka, ndinakusiya kwa ambuya ako ku Zemba, atate ako akuyendayenda m'midzi ndi ntchito yogula thonje. Kalata inandipeza ku Lusaka kutatsala masabata atatu kuti tilembe mayeso. Anailemba mphunzitsi wa pasukulu ya m'mudzimo, chifukwa amai anga cholembera sankadziwa kochigwira. Inati mwana sagona, akukuwa usiku wonse, waonda, bwerani musanamve zina. Ndinauza mnzanga wa m'chipinda kuti mabuku anga asawasunthe patebulo, ndibwera Lolemba. Nsapato zanga zabwino ndinazisiya pansi pa bedi.

Nditafika ndinakupeza wakhala kuseri kwa nkhokwe, maso ali psuu, m'chiuno muli mzere wa tizilonda. Ndinafunsa kuti ichi n'chiyani. Amai anayankha akutong'ola chimanga, osadzutsa ndi mutu womwe. "Ndi luzi limenelo. Amakodza pamphasa, ndiye tinamumangirira chule. Nonsenu ndinakuletsani choncho." Iwe sunaonepo zimenezi zikuchitikira mwana wina, ndiye ndikufotokozere. Amagwira chule wamoyo kudimba, n'kumumanga mwendo ndi luzi, luzilo n'kulizunguliza m'chiuno mwa mwana. Chule wozizira akuphiriphitha pamimba, ana a pamudzi akuzungulira, akuimba ndi kuwomba m'manja, akulu akuseka. Ndipo pofuna kuti usamasewere pafupi ndi dzenje, anali atakuuzanso kuti m'chimbudzi mumakhala chilombo cha kudambwe chimene chimakoka ana miyendo. Ndinati, "Amai, mwandichotsa ku Lusaka chifukwa cha chule?" Iwo anati, "Iwe tinakumangirira chule ndipo wafika ku yunivesite. Walakwa chiyani chule?"

Usiku woyamba sindinakugwire, ndinangokuyang'ana. Unkasinza uli chikhalire, mutu ukagwa n'kudzidzimuka, n'kupapasa pamphasa kuona ngati pali ponyowa, kenako kukuwa. Ndipamene ndinamva nzeru yako yonse. Pamphasa pali chule, kuchimbudzi kuli chilombo, ndipo mkodzo umabwera munthu akagona, choncho usagone. Mwana wa zaka ziwiri ndi theka anaganiza molongosoka kuposa akulu onse a m'mudzimo. Ndinakuvekanso thewera usiku, ndinakupatsa kamphika kakale kuti uzikhalapo masana pansi pa mtengo wa mango, ndinauza ana a pamudzi kuti amene adzaimbenso nyimbo ija ndidzamukoka khutu mpaka lidzatalike ngati la bulu. Patangotha masiku asanu ndi anayi unayamba kugona mpaka kutacha.

Mvetsa apa, Zelipa, chifukwa ndi pamene pali mlandu wanga. Tsiku lakhumi ndikanakwera basi. Mayeso anali asanayambe. Koma ine ndinali ndisanakhalepo wachiwiri m'kalasi chiyambire sukulu, ndipo nditawerenga masiku amene ndinataya ndinaona kuti ndikhoza, inde, koma pakati pa gulu, limodzi ndi anthu amene ankakopera kwa ine. Ndinati ayi, ndidzalemba bwinobwino chaka chamawa, mwana akadali wofooka. Mwana wofookayo anali kuthamangitsa abakha pabwalo. Chaka chamawacho a ku yunivesite anandiuza kuti ndilembe kalata yopepesa, ndikaonekere pamaso pa akuluakulu, ndibwereze chaka pamodzi ndi ana amene ndinawalandira ine pachipata. Kalatayo ndinailemba katatu, ndinaing'amba katatu. Kenako kunabwera mimba ya mlongo wako Ganizani, kenako mvula, kenako munda. Ambuya ako ndinawaimba mlandu mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Chule anali wawo, ndi zoona. Kusabwerera kunali kwanga, ndipo mwana ndinangobisala kumbuyo kwake. Usabisale kumbuyo kwa Limbi. Ndi wamng'ono, sangakubise.

Tsopano tione zimene wachita iwe, namwino wa mawa. Chule sunamange, ndikuvomera. Koma tsiku loyamba unamugwira mwana m'khwapa n'kumulendewetsa pamwamba pa dzenje la chimbudzi chathu, miyendo ili lendelende, mphemvu zikutuluka kudzamuona. Iweyo atakulendewetsa chonchi pachitsime n'kukuuza kuti masuka, ungamasuke? Lachiwiri la sabata yatha unamumenya pantchafu chifukwa chonyowetsa bulangete. Ndinamva, makoma athu ndi a njerwa imodzi. M'mawa uliwonse umachapa zofunda ukung'ung'udza, iye ataima pambali atagwira chitenje chako, ndipo umayesa kuti sakumva. Ndipo azakhali ako atanena kuti wina apite kudimba akagwire chule, iwe unaseka. Ine sindinaseke. Ndinati, "Alamu, chule akalowa pakhomo pano ndidzamangirira inuyo, tione ngati pakamwa panu padzauma." Anati, "Ehe, alankhula aDigiri. Nanga anu munawalera ndi buku?" Ndinati, "Buku ndinalisiya ku Lusaka. Inu anu munawalera ndi chule, ndipo wamkulu uja ndevu zafika apa koma akukodzerabe pakhoma la shabini pa boma." Anachoka osatsanzika. Limbi anali pansi pa tebulo akumva zonse, ndipo pogona anandifunsa kawiri ngati chule amalowa m'nyumba.

Ndi Ganizani ndinalakwa mwamtundu wina, kulakwa kwa munthu wophunzira. Ndinalumbira kuti uyu sadzaona chule, adzauma ndi nzeru. Ndinagula wotchi ya belu pa boma. Ndinajambula mizere ya nthawi zokodza pa katoni n'kuipachika pakhoma. Madzi ndinkamuletsa kuyambira 4 koloko madzulo, ndipo belu likalira, maola awiri aliwonse, ndinkamuimiritsa pandowa ali m'tulo, mutu uli pa bondo langa. Nthawi zina ankakodzera mapazi anga, nthawi zina sankatulutsa kanthu n'kukanyowetsa mphasa titangobwerera. Masana anasanduka kambuku, kuluma anzake, kugubuduka m'fumbi popanda chifukwa. Tsiku lina dzuwa likulowa ndinamusowa, n'kukamupeza wagwada kuseri kwa khitchini akumwa madzi a m'beseni la abakha. Atandiona anabisa manja kumbuyo ngati wakuba. Katoni ija ndinasonkhezera moto tsiku lomwelo. Anapitiriza kunyowetsa mphasa mpaka atadutsa zaka zinayi, n'kusiya yekha, popanda belu, popanda mzere, monga momwe mano ake anamerera osandifunsa.

Choncho imva. Masana ndi usiku ndi minda iwiri, siilimidwa tsiku limodzi. Masana mwana amaphunzira chifukwa ali maso, amaumva mkodzo ukubwera, amathamanga. Usiku thupi limaphunzira lokha pa nthawi yake, ndipo palibe kumenya, kudzutsa kapena kukalipa kumene kungalifulumize. Masana Limbi wayamba kale kutha; dzulo anapita yekha katatu. Usiku muveke thewera. Usachite nalo manyazi, ndipo usamuchititse nalo manyazi. Muuze kuti uyu ndi kabudula wogonera, basi. Sukulu ija ikufuna mwana wouma kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Aphunzitsi ake sadzabwera kunyumba kwako mbandakucha kudzagwira matiresi. Madzi amwe masana onse mmene akufunira. Mukadya chamadzulo uchepetse, koma akapempha umupatseko. Akodze asanagone. Akagona, musiye agone. Ndikubwereza chifukwa ndikukudziwa: akagona, musiye.

Masana akalakwitsa, tseka pakamwa. Pukuta, musinthe, unene kuti mkodzo umapita m'poti, n'kupitiriza zimene umachita. Nkhope yako amaiwerenga kuposa mmene iwe udzawerengere mabuku ako. Akachita bwino usaitanenso mudzi wonse kudzaona. Lolemba unaimba nthungululu mpaka agalu anauwa, mwana n'kudzuka pa poti asanathe n'kukamalizira pansi. Mawu awiri akwana: wachita bwino. Mwana akaona kuti chimwemwe chonse cha amake ndi mkwiyo wawo wonse zili m'kapoti kamodzi, amapita nazo kogona, ndipo ndi katundu wolemera kwa munthu wamtali ngati ndowa.

Palinso china chimene sunachione, iwe wa maphunziro a zaumoyo. Mwana woopa chimbudzi amasunga, ndipo si mkodzo wokha. Lachisanu ndinamugwira pamimba ndikumusambitsa, panali gwa ngati dzungu laliwisi. Ndinakufunsa kuti anapita liti komaliza, iwe unati sukukumbukira. Anali masiku atatu. Mimba yotere ndi imene imamudzutsa, amapinda miyendo n'kulira, osadziwa kunena pamene pakupweteka. Ndinamupatsa papaya, nkhwani ndi madzi ambiri. Loweruka masana ndinamukhazika pa poti wake wobiriwira kuseri kwa khitchini, mapazi ali pansi, ine n'kumufulatira ndikusankha nyemba, osamulondera ngati wapolisi. Zimene anasiya pamenepo ukanaziona ukanafunsa kuti kwabwera mlendo wanji. Usiku umenewo anadzuka kamodzi kokha, iwe n'kunena kuti mapemphero a abusa ayamba kugwira ntchito. Ndinakusiya. Abusa atenge ulemu, papaya sadandaula. Koma iwe uziwerenga masiku. Ndipo akatentha thupi, akalira pokodza, akasanza, ukaona magazi kapena mimba yatupa, zimenezo si za papaya. Pita naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale kalasi ikudutse. Ndati kalasi imodzi, sindinati chaka.

Ndisadziyeretse, Limbi wandipusitsa inenso sabata yomwe ino. Tsiku lija ndinamutenga kuti iwe upumeko, titangogona anati, "Ambuya, poti." Ndinasangalala, ndinayatsa tochi, ndinamukhazika. Palibe chinatuluka. Pofuna kuti akhalitse ndinamuonetsa pa foni kanema wa mbuzi zodumpha. Tinabwerera pabedi. "Ambuya, poti." Tinapitanso. Kachisanu sanavule ndi kabudula yemwe. Anakhala pa poti ali chivalire n'kutambasula dzanja kuti ndimupatse foni. Ndinati, "Kamunthu iwe, ukundiyesa nyumba ya kanema?" Anati, "Mbuzi, ambuya." Mwana wako ndi wochenjera, ndipo wazindikira kuti pali mawu amodzi amene amadzutsa munthu wamkulu aliyense m'nyumba. Akanena koyamba, mukhulupirire, pita naye. Poti akhale pafupi ndi bedi. Usayatse nyali yaikulu, usacheze naye, foni ikhale kutali. Akanena kachiwiri pitanso, koma mwachidule. Kachitatu umuuze kuti wapita kale, thewera lilipo, gona. Adzalira masiku awiri kapena atatu. Kulira kwa mantha ndi kulira kwa mkwiyo umakusiyanitsa, ndiwe amake. Kwa mantha umukumbatire. Kwa mkwiyo ungomuika dzanja pamsana n'kukhala chete.

Ku Kabwe zinthu zidzayamba zabwerera m'mbuyo, ndikuuziretu kuti usadzati mizimu inanena zoona. Nyumba yachilendo, fungo lachilendo, atate ake amene anawazolowera pa foni pokha, ndiponso chisanu cha mwezi uno chimene chimakodzetsa ndi akulu omwe. Adzanyowetsa ngakhale masana. Wati chimbudzi cha kumeneko ndi chamadzi, cha mabanja anayi. Usamukhazikepo msanga, ndipo usatsitse madzi iye ali pomwepo, chifukwa mkokomo umenewo kwa iye ndi chilombo china. Poti wobiriwira ndamumanga m'thumba lakelake, usaope, sanakhudze ufa. Ndikudziwa unati ukagula watsopano chifukwa uyu ndi wothyoka chogwirira ndipo anthu a m'basi adzaseka. Aseke. Mwanayo akudziwa ameneyu. Chitenje changa chofiira chimene amagona nacho ndachiikamo osachapa, ndipo nawe usachichape sabata yoyamba. Madzulo aliwonse zinthu ziziyenda mofanana, kusamba, kudya, poti, kanyimbo, kugona, ngakhale mawa lake kuli mayeso. Pakatha masabata awiri kapena atatu adzakhazikika.

Za kusukulu kwake, usadikire kuti akuitane chifukwa wanyowetsa. Pita kwa aphunzitsi ake tsiku loyamba lomwe, ndi makabudula atatu m'pulasitiki, uwauze zoona: mwanayu wangoyamba kumene, akagona masana mwina alakwitsa, ndithandizeni. Upemphe ndi mawu ofatsa, ngakhale mphunzitsiyo ali kamtsikana kamene sikanafike pamene iwe wafika. Kupempha ndi ntchito imene ine sindinaiphunzire, ndipo waona kumene zandifikitsa. Anthu ambiri a m'maofesi, ndinazindikira mochedwa, amangodikira kuti munthu awafunse bwino. Chimodzimodzi kukoleji kwako. Ukalephera mayeso amodzi chifukwa sunagone, ukalembenso. Ukakhala wa nambala makumi atatu, khala. Odwala safunsa namwino kuti anali wachingati.

Za atate a Limbi. Ndi munthu wabwino, sindinawapezepo chifukwa ngakhale ndinafufuza, koma amuna a kuno anakula akudziwa kuti kulira kwa mwana ndi mvula ya padenga la eni. Malemu atate ako sindinawadzutsepo ngakhale kamodzi. Ndinkawadumpha ndi mwana kumsana ndikupuma mwaukali kuti amve, m'mawa n'kumenyetsa mapoto. Ndinkati munthu ali ndi maso, aone yekha. Tsiku lina pa maliro ndinawamva akuuza anzawo kuti, "Ife ana athu savuta, amagona ngati miyala." Ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi chikuni pamaso pa anamfedwa. Titafika kunyumba ndinawakhuthulira zonse za zaka zisanu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Nanga bwanji simunkandidzutsa, amake Zelipa?"  Iwe amuna ako uwadzutse. Mugawane masiku, ndipo mawa lake kukakhala mayeso, usiku umenewo ndi wawo nthawi zonse. Akadzati ali ndi ntchito kugalaji m'mawa, udzati nawenso uli nayo. Amai awo akadzaimba foni kuti mwana wawo wasanduka wochapa matewera, uwapatse moni mwaulemu n'kuwafunsa za nkhumba zawo.

Ukaiwala zina zonse, ichi usaiwale. Usadzagamule kanthu m'mawa umene sunagone. Ine ndinagamula za moyo wanga wonse nditakhala pa mtondo ku Zemba, maso akuyabwa, mutu ukulira ngati chigayo, ndipo zimene ndinaganiza tsiku limenelo zinkamveka zanzeru kwambiri. Nawe lidzakufikira tsiku lotere. Mwana adzakhala atakuwa mpaka mbandakucha, yunifolomu isanaume, azakhali ako atatumiza uthenga woti paja tinanena. Udzatenga pepala kuti ulembe kukoleji. Uliike pansi, upite m'kalasi, ukasinze kumbuyo ngati sungathe kupirira, ugone masiku awiri, ndiyeno uone ngati ukufunabe kulemba. Tulo ta mwana timabwerera, Zelipa. Malo a kusukulu sadikira munthu chifukwa choti wawalonjeza.

Zikadzakulemera zenizeni, undiimbire. Sindidzakuuza kuti bwera. Ndidzasiyira Ganizani nkhuku ndi makiyi, ndidzakwera basi ineyo, ndidzagona pansi m'kachipinda kanuko, ndipo ndidzamusunga mwana mpaka mayeso athe, ngakhale atate a Limbi azikagona kugalaji chifukwa cha manyazi. Msewu wobwerera ndauyendapo, ndikuudziwa kumene umathera, ndipo m'banja muno wouyenda mmodzi wakwana. Pa tchuthi ubwere, udzandiuze mayina a mafupa kuti ndikukonze pamene walakwitsa. Mbatata ndi mazira za m'njira zili m'chikwama cha mwana. Ngati sindinalire pamene umakwera njinga yamoto yokakutula ku basi, usaganize zambiri, ndi mmene ndilili. Limbi wadzuka pakhonde akuitana poti, ndipo dzuwa likadalipo, ndiye uku ndithamange.

Ndine amako,
Naphiri

A Zulu akalipentala abwera mawa madzulo kudzamasula bedi lako. Mkucha m'chipinda chako mulowa mtedza.